Dzina Lobwereka la Lily Tomasi

Kufupi ndi Pietermaritzburg
11 Febuluwale 2024

Baba ndi Mai okondedwa,

Muli tani ku Bangula? Mng'ono wanga akupeza bwanji? Ine ndili moyo, kungoti moyo wake ndi wa nkhuku yogulidwa dzulo, yoyenda chonyang'ama pabwalo la eni.

Kalatayi ndapatsira amalume a Fanizo, poti thiraki yawo ikamapita ku Durban imadutsa pafupi ndi sukulu yathu. Musadabwe kuti pa foni ndimangoti ndili bwino ndili bwino. Kuno mwana wasukulu saloledwa kukhala ndi foni. Lamlungu amatipatsa mphindi zisanu mu ofesi ya a Sisitere Mabel, amene amayang'anira atsikana ogonera pasukulu, iwo ali pompo akuluka juzi. Anakhalako ku Tete zaka zambiri, ndipo Chisena ndi Chichewa amamva bwino lomwe. Choncho zenizeni ndizikulemberani.

Sukuluyi ndi yokongola, sindinama. Aliyense ali ndi buku lakelake, ndipo pa masamu ana a eni dziko ndikuwakhaulitsa. Asisitere akulipira fizi, chakudya ndi pogona monga analonjezera. Koma mudziwiretu kuti inshuwalansi ya chipatala ija munaigulitsira ng'ombe ziwiri ndi ya chaka chimodzi chokha. Pemiti yophunzirira nayonso imatha mu Disembala, ndipo sapereka ina popanda inshuwalansi yatsopano. Panopa chomwe ndikupempha ndi kangachepe kogulira juzi ya yunifolomu. Anzanga akuti ino ndiyo nyengo yotentha. Ine wa kuchigwa ndikufunda mabulangete awiri, iwo n'kumandiseka.

Tsopano chimene chikundidya mumtima. Kwathuko dzina la Lily linali la m'kaundula basi. Aphunzitsi akamaliza kuitana mayina, aliyense ankabwerera ku Priska, mpaka ahedi omwe. Kuno ndine Lily m'mawa, Lily masana, Lily pa chitseko, pa thaulo ndi pa sokosi. Lachinayi wina anaitana mnzake wa Giredi 12 dzina lake Priscilla, ine n'kucheuka ndi kuyankha. Ndinachita kukhosomola kuti ndibise.

Baba, mukukumbukira mmene zinayambira. Nditalemba Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, aphunzitsi aja anati wobwereza kachitatu samuyang'ana n'komwe, bola ndilembe ndi dzina latsopano ndi zaka zochepa. Inu munati tikalifunirenji dzina kutali pomwe la Lily lili m'nyumba, mwini wake, mng'ono wanga, ali gone pamphasa ndi matenda, kusukulu sapita. Nthawi imeneyo zinaoneka zazing'ono. Koma satifiketi inatuluka ya Lily, ya Fomu 2 inatuluka ya Lily, pasipoti tinakatenga ndi chikalata cha kubadwa cha Lily. Lamulo la asisitere n'lakuti mlendo wolowa Giredi 10 pa thandizo lawo akhale wosakwana zaka 16. Ine ndili nazo 18. Kufupika kwanga kuja ndinkalira nako ndi kumene kukundibisa.

Ndikuopa, Baba. Akandigwira adzanditani?

Ndine mwana wanu,
Priska

Bangula
24 Malichi 2024

Mwana wanga Lily,

Takhuta, zikomo chifukwa cha kalata yako. Ife tili moyo. Taona mmene ndakulembera pamwambapa. Umo ndi mmene uzisainira iwenso, ngakhale m'kalata ya Chichewa. Dzina linalo ulisiye kuno, tikukusungira, silithawa. Kalata yako amayi ako atangoimva ndinaitentha, nawenso ino ukawerenga uing'ambe.

Mantha akowa sindikuwamvetsa. Waba chiyani? Mayeso unalemba ndiwe, mutu ndi wako. Dzinalo ndi la pakhomo pano, ndinatcha ndine, ndipo ndinalitenga kwa mwana wanga n'kupatsa mwana wanga. Ukazungulira msika wa Bangula wonsewu, theka la amene anafika ku sekondale analemba ndi mayina a achibale. Ineyo ndinawoloka Shire ndili ndi zaka 9 nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, ndipo pa kampu anandilemba Tomasi chifukwa amene anandinyamula paphewa anali amalume a Tomasi. Bambo anga enieni sanali Tomasi. Ndakwatira nalo, ndabala nalo ana, imvi zandipeza ndili nalo, ndipo palibe wapolisi anandifunsapo.

Kuno mvula yatinamiza. Chimanga chapserera chili m'mawondo, mapira nawo akungoyang'ana kumwamba. Malonda a chimanga aima, ndiye ndabwerera ku nsomba, ndikumakagula milamba kudambo n'kudzagulitsa kwa a ku Blantyre. Amayi ako akuti usamayende wopanda mpango m'khosi. Mng'ono wako wachira ndithu, mankhwala a ku Chikwawa aja amuyanja. Kusukulu sakujombanso, ali Sitandade 7, ndipo teremu yatha anakhala nambala 2. Kunena zoona sitinkayembekezera kuti ameneyu adzafika apa.

Ya juzi ndapatsira Fanizo. Ya inshuwalansi usaiganize, m'khola mwatsala ng'ombe zitatu. Ntchito yako iwe ndi imodzi, kutseka pakamwa ndi kutsegula buku. Kutchalitchi kuno aliyense akudziwa kuti mwana wa Lorenso akuphunzira ku Joni, ena amachita kundivulira chipewa. Usadzandichititse manyazi.

Bambo ako,
Lorenso Tomasi

Kufupi ndi Pietermaritzburg
19 Meyi 2024

Baba ndi Mai,

Moni nonse. Juzi ndinagula, takhuta kwambiri. Kalata yanu ndinang'amba monga munanenera, zidutswa zake n'kutaya m'mabini atatu osiyana.

Lachiwiri kunabwera anthu awiri a boma oona za alendo. Alendo pasukulu pano tilipo asanu ndi anayi. Anatikhazika pa benchi panja pa ofesi n'kumatiitana mmodzimmodzi. Mayi amene anandifunsa ine anatsegula pasipoti, kundiyang'ana, kuyang'ana chithunzi, kenako n'kufunsa tsiku langa lobadwa. Baba, pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka 3 Okutobala, tsiku langa lenileni. Ndinadzigwira msanga, n'kunena 27 Juni 2008. Anati ndili ndi maso a munthu wamkulu. Ndinaseka nawo, koma msana wonse unali thukuta lokhalokha m'kuzizira kumeneku.

Mnzanga wogona bedi loyandikana ndi langa, wochokera dziko lina la kumpoto, sanatuluke mmene analowera. Pemiti yake akuti inali yogula kwa munthu wa m'tauni. Iye sankadziwa n'komwe, anakonza ndi azakhali ake. Anamupatsa ola limodzi kuti alongedze katundu, ndipo ife anatiletsa kumuperekeza ngakhale pa geti. Akuti munthu wotere amamuletsa kulowanso m'dziko lino kwa zaka zingapo, ndipo amene anasaina mapepala ake amakayankha mlandu. Amene anasaina anga ndinu, Baba. Bedi lake lili pomwepo, matilesi atapindidwa pakati, ndipo ndikadzuka chinthu choyamba kuona ndi chimenecho.

Nkhani ina ndi iyi. A Sisitere Mabel anaona pa khadi la ubatizo la Lily kuti malo a ulimbitso ndi osalembedwa, ndiye andilowetsa m'kalasi ya ulimbitso. Ambuye Episkopi adzabwera mu Novembala. Mai, inu munalipo pamene ndinkalimbitsidwa ku parishi kwathu, munandisokera deresi loyera lija. Katekisimu amene ndikuphunzira kachiwiriyu akunena poyera kuti sakramenti limeneli salandira kawiri. Boma ndalinamiza, asisitere ndawanamiza, tsopano ndikagwade paguwa n'kudzozedwa mafuta a mng'ono wanga? Kolapa ndimapita, koma ndimangonena za ulesi ndi kupsa mtima, chachikulucho ndimatuluka nacho mmene ndinalowera nacho.

Ndiuzeni chochita. Ngati n'kotheka kafunseni bambo mfumu mwamseri, musatchule kuti ndi za mwana wanu.

Ndine mwana wanu,
Lily (dzanja likukana, koma ndalemba)

Bangula
4 Ogasiti 2024

Mwananga,

Ndine mai ako, akundilembera ndi mng'ono wako poti bambo ako ali kudambo sabata yachiwiri. Pepa tachedwa kuyankha, Fanizo anamusintha njira, miyezi iwiri yonseyi amapita ku Beira. Kalata yako inandiliza. Bambo ako akuti kwa bambo mfumu nkhabe, tisapiteko, nkhani ikafika kutchalitchi ndiye kuti yafika pamsika. Ine ndikuti Mulungu anakuona ukubadwa, sangasokonezeke ndi khadi. Gwada, landira, tidzalapa tonse limodzi ukadzabwera. Uzidya, usaonde. Njala kuno yakula, tikudya kamodzi patsiku, nyika, timizu tija timakumba kudambo, ndiyo ikutisunga. Mawu anga ndi omwewo.

Achemwali, apa ndikulemba ndine Lily, Mai sakudziwa kuti ndapitiriza.

Makalata anu amandibisira, koma iyi ndinawawerengera Mai ndine, ndiye ndamva zonse. Ndinkadziwa kuti munalemba mayeso ndi dzina langa. Sindinkadziwa kuti ndi tsiku langa lobadwa lomwe munapita nalo. Pa 27 Juni kumeneko anakuimbirani nyimbo? Ine kuno ndinakatunga madzi.

Mwezi watha a boma olembetsa ziphaso za unzika anabwera pasukulu yathu kudzalemba onse okwana zaka 16. Ndinavala bulauzi yanga yabwino ija poti kunali kujambula. Ndili pamzere Baba anatulukira pa njinga, n'kundikoka dzanja pamaso pa anzanga onse, ati kunyumba kwagwa zadzidzidzi. Kunyumba kunalibe kanthu. Ati ndikakapereka zala zanga pa dzina la Lily Tomasi, kompyuta idzaonetsa nkhope yanu ya pa pasipoti, ndipo tonse tidzathera kupolisi. Anzanga tsopano akumanditcha wa kutsidya wopanda mapepala.

Mu Sepitembala ndikulowa Sitandade 8. Ahedi anena kale kuti wolembetsa mayeso chaka chino abweretse chikalata cha kubadwa. Changa chili kwa inu. Nditumizireni ndi amalume. Ndinagona pamphasa zaka zitatu, sindikufuna kukhalanso pakhomo chaka china ndili bwinobwino. Mukapanda kutumiza ndidzapita ndekha kwa ahedi ndikawafotokozere.

Ndine mng'ono wanu,
Lily mwini wake

Kufupi ndi Pietermaritzburg
8 Sepitembala 2024

Lily,

Moni wanga ndi wamfupi chifukwa mtima suli m'malo. Mzere wako womaliza ndauwerenga kakhumi. Ukawafotokozere chiyani ahedi? Waiwala kuti ahedi akowo amamwa tiyi ndi bambo mfumu amene anatumiza dzina langa kwa asisitere? Iwe ukayankhula Lolemba, Lachisanu ine ndidzakhala ndili m'galimoto ya mawaya.

Chikalata chako sichili m'sutikesi mwanga ngati mmene ukuganizira. Chili m'bokosi lachitsulo lokiya la mu ofesi pamodzi ndi pasipoti, ndipo posachedwapa chifunika popempha pemiti ya chaka chamawa. Ndikachipempha ndinene kuti chikupita kuti? Kwa mwini wake?

Ukuyesa dzina lakoli ndikudya nalo bwino. Pa 27 Juni anandigulira keke, inde, ndipo anaimba. Ndinadya kachidutswa kamodzi n'kukasanza kuchimbudzi. Galimoto ikaima pa geti ndimathamangira pawindo kukasuzumira. Mphunzitsi akandiitana pakati pa phunziro ndimayamba kuganiza za zimene ndilongedze mu ola limodzi. Masamu ndatsika kuchoka pa 88 kufika pa 61, moti a Sisitere andifunsa ngati ndili ndi chibwenzi. Bola chikanakhala chibwenzi.

Sindinakulande ndine. Nanenso ndinali mwana, Baba anati lemba apa, ndinalemba. Ukandiulula sudzapeza dzina lokha ayi. Udzapezanso Baba ali m'chitolokosi, ng'ombe zitapita pachabe, ine ndi iwe tikulimbirana nyika pakhomo. Dikira zaka ziwiri zokha. Ndikamaliza Giredi 12 ndidzagwira ntchito, ndidzakulipirira sukulu ya pulaiveti iliyonse imene ungaloze ndi chala. Ndikudziwa kuti zaka ziwiri n'zambiri kwa munthu amene anataya kale zitatu, koma ine njira ina sindikuiona.

Ndagwira mwendo wako, usapite kwa ahedi. Undiyankhe msanga, ndisamangokhalira kumvetsera mageti.

Mkulu wako

Bangula
13 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni. Kalata yanu yandipweteka. Ine ndimati ndikawauze ahedi kuti chikalata changa chinapita ndi madzi osefukira aja, andipatse nthawi. Zokuululani sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Amene ankandisambitsa ndikudwala, n'kumandibereka kupita nane kuchipatala dzuwa lili pamutu, ndinu. Mumandiona ngati munthu wotero?

Ndinapitadi, ndinanena za madzizo. Ahedi anatsegula kompyuta yawo n'kupeza kuti Lily Tomasi wobadwa pa 27 Juni 2008, mwana wa Lorenso, analemba kale mayeso mu 2021 pa sukulu ya kutsidya kwa njanji, ndipo anasankhidwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati iwo anabadwira konkuno, sakufuna kudziwa zambiri, koma munthu mmodzi sangakhoze kawiri, ndipo dzinalo kompyuta ikulilavula. Kalembera wa mayeso atha pa 22 Novembala.

Baba abwera ndi nzeru yawo. Akuti nditenge dzina la Tithokoze, mwana wa azakhali uja anamira ku Mtayamoyo, poti chikalata chake chilipo ndipo imfa yake sanakailembetse kuboma. Azakhali avomera, akuti bola dzina la mwana wawo lifikeko ku sekondale. Ine ndakana. Ndinatsala pang'ono kufa ndi langa lomwe, ndiye ndikavale la womira? Nditakana Baba anakhala masiku atatu osandiyankhula. Akuonda, achemwali. Njinga yamoto ikaima panja amatulukira khomo lakuseri, munthu uja ankati saopa wapolisi. Ng'ombe ina agulitsa motchipa, poti chaka cha njala aliyense akugulitsa, ndipo ya inshuwalansi yanu ili ndi amalume.

Foni ya Baba inagwera m'madzi akukwera bwato, ndiye Lamlungu musavutike n'kuimba.

M'kalasi ndimapitabe. Mayeso oyeserera ndinakhala nambala 1, aphunzitsi n'kundigwira paphewa kuti zachisoni. Sindikudziwa chochita. Pakhomo ndikuopa kukhala, chifukwa pali bambo wina wogula thonje wayamba kumawapatsa Baba moni wautali, ndipo akamachoka amasiya shuga.

Musandikwiyire.

Ndine Lily

Kufupi ndi Pietermaritzburg
10 Novembala 2024

Baba, Mai ndi Lily,

Moni nonse. Khalani pansi musanawerenge. Ndaulula.

Lachinayi tinali kuyeserera za ulimbitso m'tchalitchi. A Sisitere Mabel anaima m'malo mwa Ambuye Episkopi, ife n'kumabwera mmodzimmodzi kudzagwada. Nditafika anandiika chala pamphumi n'kunena kuti, “Lily, landira.” Ndinangomva pakamwa panga pakunena m'Chisena kuti ine sindine Lily. Anatulutsa anzanga onse n'kukhala nane pa benchi. Ndinanena zonse, kuyambira Sitandade 8 mpaka za Tithokoze. Ndinkadikira kuti aimbe foni kupolisi. Iwo anangofunsa kuti, “Nanga mwini dzinayo alemba mayeso chaka chino?” Nditati ayi, anavula magalasi.

Dzulo akuluakulu a sukulu anakumana. Baba, musakomoke, mverani bwino. Thandizo la ana osakwana zaka 16 landithera, pamenepo palibe kuchonderera. Pemiti ina pa dzina la Lily sapempha. Sukulu ikatsekera mu Disembala ndikubwera pa basi, pasipoti ndikaipereke ndekha kuboma kwathu pamodzi ndi kalata imene loya wa asisitere akulemba, yofotokoza kuti zonsezi zinayamba ndili mwana. Akuti mwina kudzakhala chindapusa, mwinanso inu mudzaitanidwa kukafunsidwa.

Koma sanandithamangitsiretu. Kuli thumba lina la parishi losayang'ana zaka, ndipo ati malo anga a Giredi 11 awasunga mpaka kutha kwa Febuluwale, ngati ndingabwere ndi chiphaso, pasipoti ndi pemiti za Priska Tomasi, zoona zokhazokha, nkhope yanga ndi zala zanga. A Sisitere anenetsa kuti pakadzapezekanso kachinyengo kena, ngakhale kakang'ono bwanji, iwo adzasamba m'manja.

Ndiye chonde, chikalata cha kubadwa cha Priska, chija chili m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi la Mai, muchisunge ngati dzira. Musachipinde, musabwereke munthu, chisanyowe. Sukulu yanga yonse yatsalira pa pepala limenelo. Mwayi wake sindinakalembetsepo chiphaso, dzinalo palibe analikhudza.

Lily, chikalata chako a Sisitere andipatsa m'manja. Chili mu envelopu ino pamodzi ndi kalata yawo yopita kwa ahedi ako, yowapempha kuti akuthandize kukonza za mu 2021 zija. Thamanga nazo lisanafike la 22. Pepa chifukwa cha mawu anga aja, mantha anandilumitsa munthu wosalakwa. Dzina lako ndakubwezera, ukalembe nalo mayeso ako.

Ndayesa kuimbira amalume a Fanizo kuti akuuzeni msanga, koma foni yawo sikugwira, ndipo akuti mathiraki aima pamalire chifukwa cha zipolowe za ku Mozambique. Kalatayi ndatumiza pa basi ya ku Blantyre yodzera ku Zambia. Ikafika mubwereke foni kwa aliyense, muimbe ku ofesi ya a Sisitere. Tsopano tikhoza kuyankhula iwo akumva.

Ndine mwana wanu,
Priska

Bangula
10 Novembala 2024

Achemwali okondedwa,

Moni wa Lamlungu. Yankho lanu sindinalandire, amalume akuti atsekeredwa kumalire, ndiye iyi ndipatsira mnzawo wonyamula shuga ku Nchalo. Ndikulemba kuti mtima wanu ukhale pansi. Nkhani ija yatha, ndaithetsa ndekha.

Ndinaganiza masiku ambiri. La womira ndinakana, langa muli nalo inu, ndiye ndinadzifunsa kuti kodi pakhomo pano palibe dzina la munthu wamoyo limene likungokhala? Lolemba Mai ali kudimba ndinatsegula chitini chawo cha mabisiketi, n'kukoperanso manambala a ziphaso zawo ndi za Baba. Lachiwiri m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Nsanje boma ndi ndalama yanga ya zitumbuwa, osauza munthu.

Mantha ake, achemwali, tsopano ndakumvetsani. Pamzere ndinkangobwereza chamumtima 3 Okutobala 2005, 3 Okutobala 2005, ngati korona. Bambo wolembayo anayang'ana chikalata, n'kundiyang'ana ine, ati zaka 19 thupi lake limeneli? Ndinati ndinadwala nthawi yaitali, ndipo apo pokha sindinaname. Anafunsa chifukwa chake ndachedwa kulembetsa, ine ndinati madzi osefukira. Anaseka, ati a ku Bangula nonse yankho lanu ndi lomwelo. Kenako anandijambula, n'kundiika zala pa kagalasi kowala, chimodzichimodzi mpaka zonse khumi. Ndinafunsa ngati munthu angadzasinthe atapezeka kuti analakwitsa. Iwo anati, “Zala sizisintha, mayi. Apa mwalowa mpaka kumanda.”

Kapepala kosonyeza kuti ndalembetsa ndinapita nako kwa ahedi Lachitatu. Anapumira m'mwamba, koma andilemba. Akuti poti Priska analemba kale kawiri ndipo zaka zake n'zambiri, za sukulu yogonera konko ndiiwale, ndikakhoza bwino mwina yoyendera. Panjira ndinalira pang'ono, osati kwambiri. Yoyendera nayonso ndi sukulu.

Baba nditawauza anati ndili ndi mutu kuposa iwo. Dzulo adya mpaka kukhuta koyamba mwezi uno, ndipo bambo wa thonje uja amubweza ndi shuga wake.

Ndiye inu musaopenso magalimoto a pa geti. Lily ndinu nokha tsopano pa dziko lonse lapansi, palibe adzakutsutseni. Kalimbitsidweni Lamlungu likudzali ndi mtima umodzi, pemphani pemiti yanu, masamu aja abwerere pamalo pake. Mukamadzabwera ku holide mudzanditengere sokosi zazitali ngati zimene mumavala kumeneko.

Ndine mng'ono wanu, amene boma lati ndakuposani ndi zaka zitatu,
Priska Tomasi